Mtedza wa ku Mchinji ndi Chiphunzitso cha Buddha

Madzulo ano tikamba za chiphunzitso cha ku India, koma tiyambira m'munda wa mtedza ku Mkanda, m'boma la Mchinji.

Funsani mlimi wa kumeneko kumene mtedza wake wachokera. Sadzatchula mbewu yokha ai. Adzatchula mvula ya mu Disembala, nthaka, khasu, ngakhalenso nsima imene idampatsa mphamvu. Chimodzi chikasoŵa, nkhokwe imakhala pululu. Buddha, amene adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, adaphunzitsa kuti maganizo a munthu amameranso motero. M'chiyankhulo cha Pali chiphunzitsochi amachitcha paticca-samuppada: kanthu kalikonse kamabadwa chifukwa cha zinthu zina, ndipo zinazo zikatha, nako kamatha. Mabuku ao amatchula mfundo 12 zolumikizana ngati unyolo, kuyambira pa umbuli mpaka pa ukalamba ndi imfa.

Kuno kwathu ambiri adamva za chipembedzochi chifukwa cha Amitofo Care Centre, malo olerera ana amasiye amene Hui Li wa ku Taiwan adakhazikitsa kufupi ndi Blantyre. Koma eni chipembedzo amati kumva sikokwanira. Munthu ayenera kupita ku m'bindikiro. Liwuli Akatolika a ku Kachebere salidabwa.

Ku Dhamma Pataka, pafupi ndi Worcester ku South Africa, m'bindikiro umatenga masiku khumi, motsata njira ya S. N. Goenka amene adamwalira mu 2013. Belu limalira 4 koloko mbandakucha. Kucheza n'koletsedwa kufikira tsiku lakhumi. Masiku atatu oyamba munthu amangotsata mpweya wake pamphuno; tsiku lachinai amayamba kumvetsera thupi lonse. Bondo likayamba kuŵaŵa, amaona kuti kuŵaŵako kumabwera kokha poyamba. Pambuyo pake kumadza kufuna kuti ululu uchoke, kenaka mkwiyo. Zimene ankaziyesa chinthu chimodzi zimapezeka kuti ndi zitatu, china chikubereka chinzake. Pakati pa kumva ndi kulakalaka, mfundo yachisanu ndi chiŵiri ndi yachisanu ndi chitatu, ndi pamene amati unyolo ungaduke.

Tsono ganizani mlimi uja ali pa msika wa Kamwendo, venda wamtchulira mtengo wonyoza thukuta lake. Pachifuwa patentha. Ena angati chiphunzitsochi chimuuza kuti angogonja. Ine sindiona choncho. Mtengowo nawo uli ndi makolo ake: ngongole, fizi ya ana imene ikumkakamiza kugulitsa msanga, sikelo yokayikitsa, alimi kugulitsa aliyense payekha. Mkwiyo umaona venda yekha basi. Munthu amene wazoloŵera kudikira kuti kutentha kuja kuzirale amatha kufunsa kuti mwa zifukwa zonsezi n'chiti chimene manja ake angafikire, kaya ndi kusunga matumba mpaka mtengo utakwera, kaya ndi kuloŵa m'kalabu ndi anzake.