LAMBA WOBIRIWIRA WA GAWAIN

Madzulo ano tipite ku Mangalande, ku nthano imene inalembedwa pang'ono caka ca 1400 cisanafike. Dzina la mlembi wace linatayika. Buku lace ndi limodzi lokha, lolembedwa pa manja, ndipo lisungidwa ku British Library mu London. Linapulumuka moto umene unaononga mabuku ena ambiri m'caka ca 1731, nilisindikizidwa koyamba mu 1839.

Pa phwando la Caka Catsopano, ku bwalo la Mfumu Arthur, kunatulukira cimunthu cobiriwira thupi lonse, ndebvu ndi kavalo yemwe, nkhwangwa m'dzanja. Cinafuna munthu woti acidule khosi, koma naye adzalandire nkhwangwa yomweyo popita caka ndi tsiku limodzi. Onse anati duu. Amene anaimirira ndiye Gawain, mphwace wa Arthur, kuti acotse manyazi a malume ace. Anatema, mutu nugubuduka pansi. Cimunthuco cinautola, mutuwo nulankhula kumkumbutsa pangano.

Nyengo itafika Gawain ananyamuka, nakafika pa nyumba ya mwini malo wina, Bertilak. Awiriwa anapangana kuti masiku atatu azipatsana madzulo ciliconse cimene yense wapeza. Bertilak anabwera ndi nswala, mawa lace nguluwe, tsiku lacitatu nkhandwe. Pakuti Gawain anatsala m'nyumba, mkazi wa Bertilak anamyesa nampsompsona, ndipo iye anabwezera mwamunayo kupsompsona konseko. Mphete ya golidi anaikana. Koma mai uja ataturutsa lamba wobiriwira wa silika, nanena kuti wombvala sangaphedwe, Gawain analandira nabisa.

Apa m'pamene pali nkhani. Munthu ameneyu anali ndi cithunzi ca Mariya m'kati mwa cikopa cace, koma imfa itayandikira anafuna cithumwa cina coonjezera. Amene amatsika m'mgodi m'mawa uliwonse sangamseke msanga.

Kodi lambayo anagwira nchito? Nthano siionetsa. Pa malo a pangano cimunthu cija cinakweza nkhwangwa katatu. Kawiri sicinamkhudze; kacitatu cinangomceka pang'ono pa khosi, magazi nagwera pa cipale cofewa. Pamenepo cinadziulula kuti ndico Bertilak yemwe, wosandulizidwa ndi matsenga a Morgan le Fay, mlongo wa Arthur, amene anafuna kuyesa asilikali a mfumu ndi kuopsa mkazi wace Guinevere. Motero cimene cinasunga moyo wa Gawain ndi dzanja la Bertilak. Ndipo bala lija silinali cilango ca kubvala mankhwala ai, koma ca kubisa cimene anapangana kupereka. Ine ndiyesa kuti apa mlembi anaposa anzace ambiri a nthawi imeneyo, amene ankapatsa msilikali lupanga lamatsenga, nkhondo nkuthera pomwepo.

Gawain anapsa mtima ndi manyazi, nayamba kunenera akazi onse kuyambira pa Hava, ngakhale kuti lambayo anamlandira yekha ndi manja ace awiri. Anabwerera kwao atambvala pa phewa monga cizindikiro ca kulakwa kwace. Arthur ndi akuru ace atamva zonse anaseka, napangana kuti yense wa iwo azibvala lamba wobiriwira.