Nyemba Zakuda: Mphika Umodzi, Chakudya Katatu

(Mawu a Mlembi wa Mvano pa tsiku la chikondwerero)

Ine sindine mphunzitsi wa zophikaphika ayi. Ndingokuuzani zimene ndaziona pamafuwa panga.

Chaka china mvula inavuta, ndipo ndalama ya ndiwo inachepa pakhomo pathu. Pamsika ndinapeza nyemba zakuda zotsika mtengo kuposa nanyati ndi phalombe, popeza ogula ankazilambalala. Nditaphika, ana anakana. Wamng'ono anati, "Amayi, mwathira makala m'ndiwomu?" Bambo a kunyumba sananene kanthu, koma nsima inatsala. Cholakwa sichinali cha nyemba, chinali changa. Ndinangoziwiritsa ndi mchere ndi soda, basi.

Amayi anzanga, nyemba izi si zonyozeka. Kwawo kwenikweni ndi ku America. Ku Brazil amaziphika pamodzi ndi nyama ya nkhumba, nadyera mpunga, ndipo chakudyacho amachitcha feijoada. Zimamanga thupi ndi kuwonjezera magazi monga nyemba zina zonse. Paja pa magulu 6 a zakudya amene amatiphunzitsa ku sikelo, zanyemba zili ndi gulu lakelake.

Tsono kaphikidwe kake ndi aka. Madzulo petani makapu 3 a nyemba, muchotse timiyala ndi zofumbwa, muziviike m'madzi ambiri usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, muthire ena atsopano. Mukatero sizitha nkhuni zambiri, ndiponso sizidzaza mpweya m'mimba. Ziwire kolimba kwa mphindi 10, kenaka chepetsani moto zizipsa pang'onopang'ono. Madzi akaphwa onjezerani otentha. Soda musathire, chifukwa amawononga mavitamini ena. Matimati nawo adikire. Akalowa msanga, nyemba zimachedwa kufewa.

Pamene nyemba yayamba kuphwanyika mukaifinya ndi zala, tengani poto wina. Kazingani anyezi 2 m'mafuta pang'ono mpaka afiire, muikemo adyo wosinja, matimati 4, mchere, ndi kambuzi mmodzi ngati ana anu amatha tsabola. Thiranimo nyemba ndi msuzi wake. Apa ndi pamene ndinkalakwa: msuzi wakudawo si litsiro, ndiwo uli ndi kukoma. Tapani chipande chimodzi cha nyemba, muziphwanye ndi mthiko, muzibwezere mumphika kuti msuzi ulimbe. Mafuta akasowa, nsinjiro zimagwira ntchito yomweyo, bola zipse bwino.

Mphika umenewu ungakudyetseni katatu. Masana dyerani nsima. Madzulo thirani pa mpunga, kapena pa mbatata ndi chinangwa chophika. Zotsala ziphwanyeni m'mawa, mupake pa buledi wa ana a sukulu, ndipo supuni 2 zopanda tsabola musakanize m'phala la mwana amene wayamba kudya. Koma chenjerani, nyemba zimasasa msanga, makamaka nyengo yotentha ya October. Ngati mulibe firiji, ziwiritseni musanagone, muvundikire, m'mawa muziwiritsenso. Zikayamba thovu kapena fungo, tayani. Musaumire, kuopa kutsegula m'mimba banja lonse.

Ife a Mvano timayendera odwala, timaphika pamaliro, ena tikulera ana amasiye. Nyama sitingaipeze tsiku lililonse, koma nyemba timalima tokha pakati pa chimanga. Chotero ndikupempha kuti aliyense akayese sabata ino, ndipo pa msonkhano wotsatira tidzauzane m'mene zakhalira.

Mwana wanga uja ananena za makala lero ali pabanja. Akabwera kudzationa sapempha nkhuku ayi, amafunsa ngati ndaviika nyemba zakuda.