Mawu a mlendo wolemekezeka potsekulira zipinda zatsopano zophunzirira kwa Kabudula

A Mfumu Yaikulu Kabudula, magulupu ndi anyakwawa, akuluakulu ochokera ku khonsolo ya Lilongwe, aphunzitsi, a komiti ya sukulu, amayi ndi abambo, ndi inu ana amene mwakhala padzuwa chiyambire m'mawa, zikomo kwambiri.

Nditangofika, a komiti anandizunguza nyumbayi. Ena munandiona ndikukanda khoma ndi chikhadabo kuseriku. Musadabwe, ndi chizolowezi changa. Zaka zapitazo ndinatsekulirapo nyumba ina yopakidwa penti yowala, tinaomba m'manja, amayi n'kululutira. Mvula yachiwiri isanathe pulasitala anayamba kuyoyoka ngati chigumu chouma, chifukwa mmisiri ankathira mawilibala a mchenga ochuluka pa thumba limodzi la simenti, matumba enawo akutuluka usiku panjinga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Lero chikhadabo changa chabwerako chopanda kanthu, ndipo ndakondwa.

Ndalama yomangira nyumba ngati iyi ndi yanu. Mumaipereka mukagula sopo ndi shuga pa Nsaru, imadulidwanso mukagulitsa fodya ku okushoni ku Kanengo. N'chifukwa chake boma silololedwa kugula ngati mmene munthu agulira mbuzi kwa mlamu wake. Ntchito ikakhala yaikulu imalengezedwa, makontrakitala amapikisana mitengo m'maenvulopu omata, maenvulopuwo n'kutsekulidwa pamaso pa onse. Ndiye tenda imeneyo. Zikachuluka muzitchula mosamala, chifukwa zimamveka ngati matenda, ndipo nthawi zina zimakhaladi matenda.

Woyang'anira malamulo amenewa ndi bungwe la PPDA. Linabwera ndi lamulo la mu 2017, kulowa m'malo mwa ofesi ya ODPP yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003. Limaunika mmene maunduna ndi makhonsolo akugulira zinthu, ndipo lili ndi mphamvu yoletsa kampani yachinyengo kuchitanso malonda ndi boma. Ku khonsolo kwathu kuli komiti yoona zogula, kuti munthu mmodzi asamangosankha yekha wom'patsa ntchito. Pambuyo pake amabwera a ofesi ya Auditor General kudzafufuza mabuku, ndipo pakanunkha ziphuphu nkhani imapita ku bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Alonda ndiye alipo. Komatu mu 2013, nthawi ya Cashgate, makampani ankalandira macheke ku Capital Hill osaperekako ngakhale msomali umodzi. Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza wotsika mtengo wa AIP zinapita ku kampani ya ku UK yomwe ntchito yake inali yogulitsa nyama. Inu alimi a kuno, amene mumagona pamzere kudikira thumba la feteleza, nkhani imeneyo simufunika womasulira.

Vuto lake ndi lakuti alondawa amaona mapepala, ndipo amakhala ku tawuni. Pepala likanena kuti mjigo wakumbidwa, lili ndi chidindo ndi siginecha, kwa iwo mjigowo ulipo. Amene amadziwa kuti mjigowo umauma mu Okutobala ndi mayi amene amadzuka m'mbandakucha ndi chidebe. Wa ku PPDA sangawerenge malata ali padenga kwa Kabudula. Inu mungathe, ndipo a komiti ya sukulu ino anawerengadi: andionetsa kope la mizere momwe ankalemba thumba lililonse la simenti lolowa m'sitolo ndi lotuluka, kapitawo n'kusainira.

Choncho a makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, ntchito ina ikadzabwera, kaya ya thumba la chitukuko la CDF kaya ya khonsolo, funsani mtengo wake, dzina la kontrakitala, ndi tsiku lomalizira. Musachite manyazi ngati mukupempha mchere. Kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito. Ndipo ntchito isanakukhutitseni musasaine kuti yatha, ngakhale wina akugulireni Fanta ndi kukupatsani ya thiransipoti. Mafumu anga, anthu amenewa akamafunsa muziwaikira kumbuyo, chifukwa wofunsa amatchedwa wovuta msanga.

A hedi, makiyi ndi awa. Tiyeni tikadule riboni anawa alowe mumthunzi.