Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Mayeso Oyeserera a Sitandade 8

A wapampando wa mwambo uno, a Gogo Chalo pamodzi ndi mafumu onse amene mwawaperekeza, alangizi a zamaphunziro a zoni yathu, aphunzitsi aakulu ndi aphunzitsi nonse, abusa ndi mashehe, a makomiti a sukulu, makolo anzanga, ndi inu ana athu a Sitandade 8 amene mwakhala phee mumthunzimo: ndikupatsani ulemu nonse, ndipo ndithokoza kuti mwakumbukira munthu amene anatula choko kalekale, ndi kumuitana kuti adzayankhule pa tsiku lotere.

Kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti ana awa alembe mayeso a PSLCE, amene bungwe la MANEB, lija linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba, lidzawalembetsa m'masiku atatu okha. Ndipo m'masiku atatuwo zaka zisanu ndi zitatu za thukuta la mwana zidzayesedwa pa mapepala asanu ndi limodzi. Tonse tidziwa kuti kukhoza kokha sikukwanira, pakuti chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, ana anachuluka koposa malo a ku sekondale, kotero kuti mwana wolakalaka Dedza, Blantyre Secondary kapena Lilongwe Girls angathe kukhoza bwino lomwe, koma malowo n'kumuphonya chifukwa cha malikisi owerengeka pa zala.

Mantha amenewa ndiwo amatigwetsa ife aphunzitsi m'cholakwa chimene inenso ndinagwamo. Chaka china, pa sukulu imene sindiitchula, ndinalembetsa ana anga mayeso tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu, poyesa kuti kuchuluka kwa mapepala ndiko kukonzeka. Mapepalawo anaunjikana patebulo panga, ena ndinawachonga usiku ndi kuwabweza patapita sabata, ana ataiwala kale ngakhale mafunso ake, ena sindinawabweze konse. Munali mtsikana m'kalasimo, wanzeru ndi wofatsa, amene pa pepala lililonse la Masamu ankalakwa samu za mafulakishoni mwa njira imodzimodzi, ndipo ine, pokhala wotanganidwa ndi kukonza mayeso a mawa, sindinakhale naye pansi ngakhale kamphindi. Anapita nacho cholakwacho m'chipinda cha mayeso monga anachipezera, ndipo sanasankhidwe. Kufikira lero mtima wanga umanditsutsa pa za mwana ameneyo.

Chifukwa chake, aphunzitsi anzanga, pokonza ndondomeko ya mayeso oyeserera awa, yambani mwaika masiku okonza zolakwa, ndipo masiku olemba abwere pambuyo. M'masabata atatu oyamba mapepala awiri pa sabata akwanira, kuti maphunziro onse asanu ndi limodzi ayesedwe kamodzi. Pepala lolembedwa Lolemba libwerere kwa mwini wake Lachiwiri, mutu ukadali wofunda, ndipo tsiku limenelo lonse likhale la kufunsana. Mwana aliyense akhale ndi kope lapadera mmene azilembamo chimene analakwa ndi chifukwa chake, pakuti zolakwa sizifanana, ngakhale cholembera chofiira chimazidula mofanana. Alipo mwana amene sanalidziwe yankho, ndipo iyeyu afunika kuphunzitsidwanso mutuwo kuyambira pa tsinde. Alipo wina amene analidziwa bwino, koma anawerenga funso mwaphuma, nayankha chimene sanafunsidwe. Kumubwerezera phunziro ameneyu n'kumutopetsa chabe, chimene asowa ndicho kuzolowera kuwerenga funso kawiri asanagwire cholembera. Ndipo alipo wachitatu, amene ine amandimvetsa chisoni koposa, uja amakhalitsa pa chimangirizo kapena pa samu imodzi yovuta, nthawi n'kumuthera mafunso osavuta akumuyembekeza patsamba lomaliza. Mankhwala ake ndi wotchi yopachikidwa poonekera, ndi mphunzitsi wosawonjezera mphindi ngakhale imodzi, kaya mwana alire.

M'sabata yachinayi alembe mapepala onse m'masiku atatu otsatizana, atakhala motalikirana, woyang'anira akhale mphunzitsi wa sukulu ina amene sawadziwa maina, kuti thupi ndi mtima zilawiretu kutopa kwa masiku enieniwo. Yachisanu ikhale ya kope la zolakwa lija. Koma yomaliza, chonde, musawapatse pepala latsopano, pakuti malikisi otsika opezedwa kutatsala masiku atatu saphunzitsa kanthu, amangothyola mtima. Ndiwonjezere ichi: mapepala a zaka zam'mbuyo ndi abwino, koma mwana akalemba pepala lomwelo kachitatu, n'kupeza malikisi okwera, musaombe m'manja msanga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti waloweza mayankho, phunzirolo sanaligwire.

Kwa inu makolo anzanga, ndidziwa kuti ino ndi nyengo yokolola, chimanga chauma m'munda ndipo dzanja lililonse lifunika. Komabe ndikupemphani, pamaso pa mafumu athu, kuti kwa masabata ochepawa mtolo wa mwana wa Sitandade 8 ausenze abale ake. Mtsikana asayambe wapita kudambo kapena kuchigayo pa tsiku la pepala, adye kanthu m'mawa kukuzizira kuno, ndipo usiku agone, pakuti kuchezera pa nyali mpaka tambala woyamba kumafafaniza zimene anaphunzira masana. Wina akadza kwa inu monong'ona kuti ali ndi likasa, m'bwezeni pakhomo pomwepo, chifukwa mwana wogwidwa nalo zotsatira zake zimafafanizidwa.

Ndipo inu ana anga, pepala likabwerera lili lofiira, musalipinde ndi kulibisa m'thumba. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Imikani dzanja, nenani kuti apa sindinamve, pakuti aphunzitsi awa alonjeza pamaso pathu kuti adzakhala nanu pansi.

A wapampando, ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti mayeso oyeserera a Sitandade 8 m'zoni yathu atsegulidwa. Pepala loyamba, la Masamu, lilembedwa Lolemba m'mawa, ndipo Lachiwiri ndidzayendera sukulu ziwiri kudzaona ana atalandira mapepala awo.