Mawu a Mlendo Wolemekezeka Potsegulira Maphunziro a Alimi Oweta Ng'ombe za Ngolo ndi Abulu ku Ulongwe

Mafumu athu ndi nduna zanu, akuluakulu a boma la Angónia, alangizi a ziweto, aphunzitsi ndi ophunzira a zaulimi a ku Universidade Zambeze, amayi ndi abambo amene mwalawirira kuchokera ku Domwe, ku Lifidzi ndi kumalire a Calomue, ndithokoza kuti mwandiyesa woyenera kuima pamaso panu.

Dziko lathu lino lamapiri, limene lidyetsa chigawo cha Tete ndi chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, silikadatchuka chotero pakadapanda ng'ombe zathu za Chingoni ndi abulu, amene chaka ndi chaka asenza goli, nakoka ngolo m'matope a dzinja ndi m'miyala ya chilimwe, kufikira mfundo za miyendo yawo zitaperepeseka. Nthenda imeneyi ndi nyamakazi yomwe isautsa nkhalamba zathu: chichereŵechereŵe chotchinga nsonga za mafupa chimadyeka pang'onopang'ono, ndipo chikatha sichimeranso. Mudzaizindikira m'mamawa wa June, pamene chisanu chagwira dambo, ng'ombe nizengereza kudzuka m'khola, niyamba ulendo motsimphina.

Kumaiko kumene amaweta akavalo ambiri, madokotala a ziweto akhala akulimbana ndi ululu umenewu kwa zaka makumi ambiri, ndipo zimene anaphunzira pa kavalo zitipindulira ifenso. Mankhwala akale ndi otchipa ndiwo phenylbutazone, amene amaziziritsa kutupa ndi kupweteka. Koma chiweto chikamwa miyezi yambiri, amaboola zilonda m'chifu ndi m'matumbo, nawononga impso, makamaka ngati sichikupeza madzi okwanira. Chifukwa chake anafunafuna ena ofatsirapo m'mimba, monga meloxicam ndi firocoxib, ngakhale nawonso safuna kuperekedwa mwachisawawa. Bulu, amene thupi lake limataya phenylbutazone msanga kuposa la kavalo, ali ndi muyeso wakewake, ndipo popeza ndi nyama yopirira mwakachetechete, mwini wake amachedwa kudziwa kuti ikuvutika.

Pano ndipo pagona nkhawa yanga, abale anga. Mankhwala onsewa amagoneka ululu, koma sabwezera mfundo mwakale. Ndipo mlimi amene abaya ng'ombe jakisoni madzulo, naiona m'mawa ikuyenda bwino, naimanganso pangolo ya matumba khumi, wanyengedwa ndi chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti ululu umene wauchotsa ndiwo unali kuichenjeza nyamayo kuti ipume. Ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musagule mabotolo oyalidwa padzuwa m'misika, ndipo musapatse chiweto mapiritsi a anthu. Itanani mlangizi, ayese kulemera kwake, akuuzeni muyeso ndi tsiku lolekera.

Kumbukiraninso kuti ng'ombe yokalamba imathera mumphika. Phenylbutazone amakhalitsa m'thupi la ng'ombe, ndipo ku Ulaya ndi oletsedwa pa nyama yodyedwa ndi anthu. Ndiwo anadetsa nkhawa maboma a kumeneko mu 2013, pamene nyama ya kavalo inapezeka itasakanizidwa ndi ya ng'ombe m'masitolo. Ku India, diclofenac, mnzake wa phenylbutazone, wopatsidwa kwa ng'ombe, anapha miimba yochuluka yodya mitembo yake, mpaka boma linamuletsa pa ziweto mu 2006. Nanga ife, amene tidyera mbale imodzi pamaliro ndi paukwati, tidzaperekeranji kwa anansi athu nyama imene masiku ake odikira kuti mankhwala atuluke m'thupi sanakwane?

Zotsalazo zili m'manja mwanu ndipo sizilira ndalama: kusema ziboda zikatalika, kusalaza goli, kuchepetsa katundu pokwera mtunda, kuyala udzu wouma m'khola, ndi kulola yokalambayo kuyenda pang'ono tsiku lililonse kuti mfundo zisaume. Alangizi akuonetsani zonsezi pakhola kuseriku tikangomwazikana pano, ndipo amene mwabwera ndi ziweto zotsimphina muyambe ndinu. Ndi ulemu wonse kwa mafumu, ndikulengeza kuti maphunziro athu atsegulidwa.