Kodi Zitsamba za ku China Zimachiza Edzi?

Mawu a mlangizi wa achinyamata pa msonkhano wa makalabu ku City Centre, mumzinda wa Lilongwe



Mutu womwe andipatsa ndi wa mankhwala a zitsamba ochokera ku China. Chiyambireni ubale wa dziko lathu ndi China kumapeto kwa 2007, katundu wa kumeneko wachuluka. Mukayenda ku Old Town mupeza ogulitsa tiyi, makapisozi ndi timabotolo tolembedwa Chitchaina. Ena amafika nazo mpaka m'misika ya kumudzi kwathu, n'kumati zimatsuka magazi, zimakweza chitetezo, mwinanso kupha kachirombo ka HIV. Kodi n'zoona zimenezi?

Tiyambe ndi mbali yabwino. Anthu a ku China agwiritsa ntchito zitsamba kwa zaka zoposa 2,000. Sing'anga wophunzira wa kumeneko amayamba wayang'ana lilime la wodwala ndi kumva kugunda kwa mtsempha pamkono. Kenako amasakaniza mizu, makungwa ndi masamba, nthawi zina ndi miyala yopera kapena zigoba za nkhono za m'nyanja, molingana ndi munthu ameneyo.

Ndani pano sanamwepo LA? Gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa qinghao, kapena Artemisia annua. Sing'anga Ge Hong anachilemba m'buku lake zaka zoposa 1,600 zapitazo. Mu 1972 mayi Tu Youyou ndi anzawo anapatula m'masamba ake mankhwala a artemisinin, ndipo mu 2015 analandira mphotho ya Nobel. Dziko lathu linayamba kupereka LA mu 2007 m'malo mwa Fansida. Koma taonani, asanafike kuchipatala kwanu, mankhwalawa anayesedwa pa odwala ambiri mpaka mulingo wake unadziwika. N'chifukwa chake bungwe la WHO limavomereza LA koma sililimbikitsa kumwa tiyi wa Artemisia pochiza malungo.

Nanga pa Edzi? Mu 1989 ku America anayesa mankhwala otchedwa Compound Q, ochokera ku muzu wa mtundu wina wa nkhaka ya ku China. Anthu anali ndi chiyembekezo, koma sanachize, ndipo ena anadwala nawo kwambiri. Kuno kwathu makolo akukumbukira 1995, pomwe chikhamu cha anthu chinakhamukira kwa a Billy Chisupe ku Machinga kukamwa mchape. Maliro a Edzi sanaleke. Mpaka lero palibe chitsamba, cha ku China kaya cha m'tchire mwathu, chomwe chimachotsa HIV m'thupi.

Musanyengedwe ndi mawu oti "n'zachilengedwe, sizipweteka". Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 ku Belgium anawonongeka impso atamwa mankhwala ochepetsa thupi momwe munali chitsamba cha ku China chotchedwa Aristolochia. Chinanso, ma ARV omwe ambiri amamwa chiyambire 2019 ali ndi dolutegravir. Mankhwala ameneyu akakumana m'mimba ndi calcium kapena iron salowa bwino m'magazi. Paja ndanena za zigoba za nkhono? M'menemo muli calcium wambiri. Ukhoza kumamwa ma ARV tsiku lililonse, kachirombo n'kupezabe mpata.

Ndiye mukabwerera ku makalabu anu, kanene zinthu zinayi izi:

1. Osasiya ma ARV chifukwa cha zitsamba. Ukasiya, kachirombo kamachulukananso ndipo kamatha kupima mankhwala.
2. Ngati ukumwa chitsamba chilichonse, pita nacho kuchipatala ukawaonetse adokotala. Safunsa anadya phula.
3. Botolo lomwe sutha kuwerenga zolembedwapo, osamwa. Bungwe lovomereza mankhwala m'dziko muno ndi PMRA, osati wogulitsa pamsika.
4. Palibe tiyi woteteza ku HIV. Kudziletsa, kukhulupirika, kondomu ndi kuyezetsa magazi, njira zake ndi zomwezo.

Boma, kudzera ku Unduna wa Zaumoyo pa Capital Hill apa, linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Munthu akamamwa mwandondomeko, kachirombo kamachepa mpaka kosaoneka poyeza, ndipo sapatsira mnzake pogonana. Nanga bwanji mayi agulitse mbuzi kapena thumba la chimanga kuti agule botolo losadziwika? Ndalama imeneyo igule mazira, usipa ndi zipatso.

Amene ali ndi mafunso akweze dzanja.