KHIRISIMASI YA MLIMI NDI NDARAMA ZA PA BANJA

Nkhani ya lero iri ya alimi ndi mabanja ao, ndipo ikunena za kasungidwe ka ndarama pa nyengo ya Khirisimasi ndi Caka Catsopano.

Munthu wa pa nchito m'tauni amalandira malipiro mwezi ndi mwezi. Akaononga ndarama mu December, adziwa kuti pakutha pa January adzalandiranso zina. Koma mlimi sali tero ai. Iye amalandira kamodzi pa caka, atagulitsa cimanga ku Food Reserve Agency, kapena nshawa, soya ndi thonje kwa ogula ena, ndipo ndarama zomwezo ziyenera kumfikitsa ku masika ena.

Tsono Khirisimasi imafika pa nthawi imene munda uli ndi njala yaikuru. Cimanga cobzalidwa ndi mvula zoyamba cimakhala citafika m'maondo, udzu uli kukula msanga, ndipo fataleza wa pamwamba, ndiye Urea, afunika kuthiridwa. Mbozi zochedwa nchembere zandonda, zimene zinalowa m'dziko la Zambia m'caka ca 2016, zimafunanso mankhwala pa masiku omwewa. Mlimi amene adyera Khirisimasi ndarama za fataleza wadya matumba ambiri a cimanga cimene sanakolole.

Cifukwa cace nkwabwino kuti bambo ndi mai akhale pansi pamodzi, ndi ana osinkhuka omwe, December asanafike pakati, nagawe cuma cao pa miulu inai.

Mulu woyamba ndiwo cakudya. Mai ndiye adziwa cimanga cimene banja limadya pa mwezi. Ngati limadya matumba awiri a makilogramu 50, ndiye kuti kucokera December kufikira April lifunika matumba khumi. Amenewa sagulitsidwa konse. Wogulitsa cimanga mu December amakagulanso mu February pa mtengo wokwera, kapena amanka kuganyu m'minda ya anzace, munda wace uli kumera thengo.

Mulu waciwiri ndiwo wa munda: fataleza, mankhwala a mbozi ndi malipiro a opalira.

Mulu wacitatu ndiwo wa sukulu ndi matenda. Kuyambira m'caka ca 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ace, koma yunifomu, nsapato ndi makope agula ndi makolo, ndipo masukulu amatsegulidwa mu January. Malungo naonso amacuruka m'dzinja, ndipo wodwala amafuna ya ulendo wa ku cipatala.

Cotsala ndico mulu wacinai, wa cikondwerero. Ukacepa, banja lisacite manyazi, pakuti zokoma zambiri ziri pakhomo pomwe. Nkhuku ziri m'khola, thobwa ndi la cimera ca m'nyumba, ndipo mabanja atatu kapena anai angathe kugwirizana kupha mbuzi imodzi nagawana nyama. Ku sitolo kugulidwe mpunga, shuga, mafuta ophikira ndi kacobvala ka ana, monga mwa ndarama zimene ziripo. Abale obwera kucokera ku Lusaka kapena ku Migodi auzidwe nthawi ikalipo zimene zisowa, kuti asafike manja lende.

Zoopsya ziwiri ziyenera kupewedwa. Coyamba ndico ngongole ya kaloba, imene imabala ciongola dzanja cacikuru, kotero kuti mlimi amayamba kukolola cimanga ciri kale ca mwini ngongole. Caciwiri ndico mowa wopitirira muyeso, umene umatha ndarama ndi masiku opalira omwe.

Akuru anati, cakudza siciimba ng'oma. Mu December wa 2023 anthu ambiri sanadziwe kuti mvula idzadula, koma mu February wa 2024 cimanga cinali kuuma m'minda ya maboma ambiri, ndipo Boma linalengeza kuti cirala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Pa caka cotere nkhokwe yosapasulidwa ndiyo imapulumutsa ana.

Potsiriza, Khirisimasi yabwino imakonzedwa pa masika. Pamene mlimi alandira ndarama za zokolola, apatule pang'ono nazisunge ku banki kapena ku kagulu kosunga ndarama ka m'mudzi, naleke tambala mmodzi ndi kambuzi kuti zinenepe. Akatero, banja lace lidzakondwera mu December, ndipo mu February lidzadyabe nsima kawiri pa tsiku.